Kusintha giya phazi lili pa moto: zikavuta, yambirani pa pedulo ya kilatchi

Pa galimoto ya turbo ya magiya apamanja, nthawi iliyonse mukanyamula phazi pa akiseleta kuti mulowetse giya yotsatira, mumataya mpweya umene turbo yauvutikira. Throttle, chitseko cholowetsa mpweya mu injini, imatsekeka, valavu yotayira mpweya yotchedwa blow-off imatseguka, utsi wozunguza turbo umachepa, ndipo mukabwezera phazi mumayamba mwadikira kuti boost, mphamvu ya mpweya wopanikizidwa ndi turbo, ibwerere. No-lift shift, imene ena amaitcha flat foot shifting, inabwera kudzachotsa kudikirako. Phazi lamanja silisuntha, lamanzere limamenya kilatchi, dzanja limaponya giya, ndipo kompyuta imaigwira injini kwa kamphindi kuti isaleve mpaka pofiira.

Si zalero. Chevrolet Cobalt SS ya turbo ya mu 2008, ya injini ya malita 2.0 yotulutsa 260 hp, inkatuluka nayo kufakitale. Cadillac ATS-V ya magiya apamanja inali nayo, ndipo Ford anaiika pa Focus ST ya ku Ulaya ya mu 2019. Pa Subaru WRX STI kapena Mazdaspeed3 ambiri amachita kuiwonjezera, kaya mu tune, ndiko kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, kudzera pa chida cha Accessport cha kampani ya COBB, kaya ndi kabokosi ka N2MB kotchedwa WOT Box, kolumikiza ku mawaya a makoyilo, a kilatchi ndi a akiseleta. Koma madandaulo ake ndi omwewomwewo: lero yagwira mawa yakana, giya 3 ikukukuta, kilatchi ikununkha, galimoto ikutsamwa giya ikangolowa.

Musanayambe kumasula zinthu, gwirani mfundo iyi: kompyuta siiona kilatchi. Imaona switchi kapena sensa ya pa pedulo basi. Switchiyo ikanena kuti kilatchi yapondedwa, kompyuta imakhulupirira, ngakhale mbale zikugwiranabe. Ikachedwa kunena, kompyuta imapitiriza kuthira mphamvu zonse pa injini imene yamasulidwa kale. Mavuto ambiri a no-lift shift amabadwira pakati pa nthawi imene switchi yalankhula ndi nthawi imene kilatchi yamasuladi.

Chimene chingakuonetseni nthawi ziwirizi ndi log, kaundula wa manambala amene kompyuta imawerenga galimoto ikuyenda. Kusintha konseko sikutenga ngakhale theka la sekondi, khutu silingatsatire. Jambulani rpm (liwiro la kuzungulira kwa injini), liwiro la galimoto, switchi ya kilatchi, pedulo ya akiseleta, throttle yeniyeniyo, boost, lambda (muyeso wa mpweya poyerekeza ndi petulo), timing (nthawi yoyatsira mapulagi), knock (petulo kuphulika mosalamulirika mu silinda), komanso mphamvu ya petulo mu rail, paipi yodyetsa ma injector, ngati injini ndi ya direct injection, yothira petulo mu silinda mwachindunji. Musaunjikepo zosafunika, chifukwa pa zida zambiri mukachulutsa, log imawerenga mochedwa n'kudumpha kamphindi komwe mukukafunako. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Wosintha mapulagi, oyilo wa giyabokosi ndi tune tsiku limodzi sadziwa chimene chamuchiritsira galimoto, ndiye vuto likabwerera amayambiranso poyamba. Mayeso onse a phazi pansi chitirani pa bwalo la mpikisano kapena malo otsekedwa.

## Lero yagwira, mawa yakana

Mumaizindikira chonchi: mukamenya kilatchi, muvi wa rpm sukuima pa malire a no-lift shift amene munaika, ukuthamangira pofiira n'kukagunda rev limiter wamba, yoletsa injini kupitirira malire ake.

Yambani ndi kapeti. Zikumveka zachibwana, koma kompyuta imafuna kuona akiseleta ili pansi kwenikweni isanalole no-lift shift, ndipo kapeti yokhuthala yokwinyika kuseri kwa pedulo imadya gawo lomalizalo. Tembenuzani kiyi osaliza injini, pondani mpaka pansi, muone ngati nambala ikufanana ndi imene imabwera kapeti itachotsedwa. Kenako phazi lenilenilo. Anthu amalumbira kuti sananyamule, log n'kuonetsa pedulo ikutsika kuchoka pa 100 kufika pa 80 pa nthawi yomwe mwendo wamanzere ukupita pansi. Thupi linazolowera kalekale kuti mwendo uwu ukatsika winawo ukwere, ndipo silisiya msanga. Zikakhala choncho galimoto ilibe mlandu.

Phazi likapezeka losalakwa, lowani pansi pa chiwongolero ndi tochi. Magalimoto ambiri ali ndi maswitchi awiri pa pedulo ya kilatchi. Yam'mwamba imamva pedulo ikangoyamba kutsika, ndipo ntchito yake yakale ndi kuzimitsa cruise control. Yapansi imamva pedulo ikafika kumapeto, ndiyo imalola kuti injini ilire. No-lift shift imafuna yam'mwamba. Kabokosi kowonjezera kakalumikizidwa ku yapansi, uthenga umafika kilatchi itamasula kale, injini italumpha kale, ndipo tsiku limene simunaponde mpaka pa chitsulo uthengawo sufika n'komwe.

Yang'anitsitsani pamene kamutu ka switchi yam'mwamba kamakhudza pedulo. Pa magalimoto ambiri pamakhala kabatani ka pulasitiki kapena ka labala kotseka bowo la pa mkono wa pedulo. Kakakalamba kamauma n'kuphwanyika, kamutu ka switchi n'kumalowa m'bowomo osakankhidwa, kompyuta n'kumaganiza kuti kilatchi ndi yopondedwa nthawi zonse. Apa galimoto imatha kukana kupitirira malire a no-lift shift ili m'giya, phazi lamanzere lili kutali. Mukapeza tizidutswa touma tachikasu pa kapeti, mwamugwira wolakwa. Cruise control yokana kugwira imaloza komweko, chimodzimodzi makhodi P0704, P0830 ndi P0833.

Switchi ikhoza kukhala yamoyo koma yoikidwa pamalo olakwika. Kankhani pedulo ndi dzanja pang'onopang'ono mukuyang'ana live data, muyeze ndi rula mamilimita amene pedulo yayenda switchi isanatembenuke. Kenako lizani injini mupeze pamene kilatchi imayamba kumasula. Switchi iyenera kutsogola. Koma isatsogole monyanya, chifukwa ikamamva ngakhale phazi longotsamira pa pedulo, injini izidulidwa mukadali m'giya, galimoto n'kugwada kenako n'kulumpha. Magalimoto atsopanoko ali ndi sensa yowerenga ulendo wonse wa pedulo. Pa ena a kampani ya General Motors, sensa imeneyi ikasinthidwa imafuna kuphunzitsidwanso ndi chida, apo ayi khodi P080A imabwera.

Zotsalazo n'zachidule. Injini yozizira, nyali ya check engine, mode yolakwika kapena rpm yochepa kuposa imene tune imafuna, chilichonse mwa izi chikhoza kuitseka. Sensa ya liwiro yodwala imasokoneza launch control, yothandiza kunyamuka mwamphamvu galimoto itaima, ndi no-lift shift, popeza kompyuta imasiyanitsa ziwirizi poona ngati galimoto ikuyenda. Nsapato yaikulu yokhudza buleki potsika ndi kilatchi nayonso imapangitsa magalimoto ambiri amakono kutseka throttle okha.

## Giya ikukukuta kapena ikukana kulowa

Apa imani kaye. Zimitsani no-lift shift mpaka mutapeza chifukwa, popeza kukukuta kulikonse ndi mano achitsulo akudyana.

Synchro ndi kamphete, kawirikawiri ka mkuwa, kena kokutidwa ndi carbon, kofananitsa liwiro la shafiti yolowera mu giyabokosi ndi la giya imene mukufuna. Kanapangidwa kuti kaziimitsa zinthu zopepuka: mbale ya kilatchi, shafiti ndi magiya ake. Kilatchi ikapanda kumasula bwinobwino, kampheteko kamakhala kakulimbana ndi injini yonse, yomwe pa no-lift shift ikukankhidwabe ndi boost. Kuli ngati kutuma mwana kuti akaimitse ng'ombe yothawa. Mukasintha giya mwachizolowezi injini imatsika yokha mukanyamula phazi, ndiye kilatchi yokoka pang'ono imatha kubisala zaka. No-lift shift imangoulula matenda amene analipo kale.

Siyanitsani chonchi. Ngati giya imalowa bwino pa rpm yomweyo mukanyamula phazi, n'kumakukuta pokhapokha phazi lili pansi, bwererani ku switchi ndi ku malire a rpm. Ngati imakana pa rpm yokwera ngakhale mutanyamula phazi, ndipo si giya imodzi yokha, kilatchi ikukoka. Ngati ndi giya imodzi, kawirikawiri 2 kapena 3, imene imakukuta pokwera ndi potsika pomwe koma n'kulowa mwakachetechete mukachita double clutch (kuponda kilatchi kawiri, ndodo itaima kaye pa nyutulo), synchro yake yatha, ndipo palibe tune imene ingaibwezeretse.

Kukoka kwa kilatchi kuli ndi mayeso osavuta. Injini itatentha, imikani galimoto pamalo athyathyathya popanda kanthu kutsogolo, lowetsani giya 1, pondani kilatchi mpaka pansi, masulani mabuleki onse, ndipo levani pang'onopang'ono kufika cha pa 6,000, muli okonzeka kulumphira pa buleki. Galimoto isasunthe ngakhale pang'ono. Ikayamba kukwawa, kilatchi ikukoka pa rpm yokwera, ngakhale pa idle siionetsa kanthu.

Woyamba kumukayikira ndi brake fluid. Kilatchi ya hydraulic imagwiritsa ntchito yemweyo, ndipo pa magalimoto ambiri imamwa m'kabotolo ka mabuleki komweko. Madziwa amayamwa chinyontho. Brake fluid wa mtundu wa DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike 230°C, koma akayamwa chinyontho malire ake amatsikira ku 155°C, pamene paipi ya kilatchi nthawi zambiri imadutsa pafupi ndi turbo kapena ekizozi. N'chifukwa chake kwa ena magiya amalowa bwino injini ikadali yofunda, n'kuyamba kukana zinthu zikatentha, pedulo itafewa kapena ikuchedwa kubwerera. Ambiri amasintha madzi a mabuleki n'kuiwala nthambi ya kilatchi, mmene madzi akuda bii amagona zaka. Bulidani, mutulutse mpweya ndi madzi akalewo, muyesenso. Zikakanika onani paipi ya labala ngati ikufufuma, master ndi slave cylinder ngati zikudontha, foloko ngati yapindika. Uzaninso mnzanu aponde kilatchi inu mukuyang'ana chitsulo chimene pedulo yamangidwapo. Chikamagwedezeka, mamilimita amene anayenera kupita ku kilatchi akuthera pamenepo.

Pa magalimoto amene kandodo kokankha master cylinder kamasinthika, mukhoza kuwonjezera ulendo wa kilatchi, koma chenjerani. Mukakatalikitsa kwambiri, pisitoni ya mu master siibwerera mokwanira kuti itsegule kabowo kobwezera madzi m'kabotolo. Madzi akatentha n'kufufuma amasowa kopita, amakankha kilatchi okha, ndipo mumachoka pa kukoka n'kugwera pa kuterereka. Pedulo isiyireni mpata pang'ono pamwamba. Ngati munaika clutch stop, kamtsamiro kofupikitsa ulendo wa pedulo, kachotseni kaye pochita mayesowa.

Pa oyilo wa giyabokosi tsatirani buku la galimoto yanu, osati zimene zinagwira pa galimoto ya mtundu wina. Synchro imagwira ntchito mwa kukhulana, choncho oyilo woterera kwambiri amaichedwetsa. Magiyabokosi ambiri amafuna GL-4 kapena oyilo wapadera wa kampani yake, koma a Subaru amafuna GL-5 wa 75W-90 chifukwa diff yakutsogolo imasamba m'oyilo yemweyo. Potsanula wakale muunikeni. Kunyezimira kwagolide ndi synchro yanu. Fumbi lofewa pa maginito a pulagi yotsanulira si nkhani, koma tizidutswa tomveka ndi chala ndi mano a giya.

Ndiye pali dzanja. Kwa ambiri dzanja limafika phazi lisanafike pansi. Short shifter imawonjeza vutoli, chifukwa imafupikitsa ulendo wa ndodo pamene synchro ikufunabe nthawi yake yomweyo. Kankhani ndodo ndi mphamvu yosasintha, muipatse kamphindi pa khomo la giya, osaimenya.

## Kilatchi ikuterereka, fungo lamveka

Pano pakufunika masamu pang'ono. Pa WRX STI ya ku America ya kuyambira 2008, giya 2 ndi 2.24, giya 3 ndi 1.52. Mukasintha pa 6,500 rpm, injini iyenera kutera pa 6,500 kuchulukitsa ndi 1.52, kugawa ndi 2.24, ndiye kuti cha pa 4,400. Ngati malire a no-lift shift ali pa 6,500 pomwepo, kilatchi pobwerera iyenera kuigwetsa injini ndi 2,100 rpm, injiniyo ili ndi boost yonse, flywheel ili pa liwiro lake lonse. Mphamvu imeneyo siisowa. Ina imakankha galimoto, ndiko kulumpha kumene anthu amakukonda, ina imasanduka kutentha pa mbale, ina imakathera ku mano a giya ndi ku ma axle. Kuchoka pa 1 kupita pa 2 phompho n'lokulirapo: giya 1 ndi 3.64, injini imatera cha pa 4,000.

Tsitsani malirewo. Pa chitsanzo chathuchi, malire a cha pa 5,000 amasiya boost ili moyo koma kilatchi itapepukidwa kwambiri. Mukatsitsa kupitirira poterapo zimatembenuka, magudumu ndi amene amakoka injini, galimoto imagwada, boost n'kugwa. Dziwaninso kuti kuika 5,000 sikutanthauza kuti injini ifikapo. Flywheel yolemera, makamaka ya dual-mass, imatsika mwaulesi, ndipo mukasintha mwachangu kilatchi imabwerera injini ikadali m'mwamba. Onani mu log rpm yeniyeni pa nthawi imene switchi yabwerera. Ma tune ena amalola malire osiyana pa giya iliyonse, ndipo ngati yanu ikulola musachite ulesi. Ine ndimaona kuti no-lift shift ya 1 kupita 2 ilibe phindu lolingana ndi chiopsezo chake. Matayala akuvutika kale kugwira, phompho ndi lalikulu, ndipo ndi pamene zinthu zimakonda kuthyoka. Phindu lake lili pa 2 kupita 3 ndi 3 kupita 4.

Kuti mudziwe ngati kilatchi yatha kale, lowetsani giya 4 kapena 5, muyambire cha pa 3,000 rpm, pondani moto wonse. Rpm ndi liwiro ziyenera kukwera limodzi. Muvi ukalumpha boost ikamafika koma liwiro osatsatira, ndiye kuti mbale yatha, kapena tune yapitirira mphamvu imene pressure plate ingagwire, kapena oyilo wodontha pa seal yakumbuyo kwa crankshaft wafika pa mbale. Musayambire pansi kwambiri. Kuponda moto wonse pa rpm yotsika m'giya yaikulu kumaika injini ya turbo ya direct injection pa chiopsezo cha petulo kuyaka nthawi isanakwane, ndipo zimenezo zimaswa mapisitoni. Kilatchi ikakhala yatsopano, yambani mwaiyendetsa mofatsa mtunda umene opanga ake ananena.

Pali kavalavu kena kamene ambiri sakadziwa, clutch delay valve, kopezeka pa ma BMW ambiri, ma Honda ndi ma Subaru ena. Ndi kabowo kopapatiza kochedwetsa madzi kubwerera, kuti ngakhale muchotse phazi mwadzidzidzi kilatchi igwire pang'onopang'ono. Pa no-lift shift kuchedwako kumasanduka kuterereka. Chizindikiro chake n'chakuti kilatchi imapambana mayeso a giya 5, koma mukasintha mwachangu rpm imalendewera kamphindi isanatsike. Kukachotsa kumathetsa zimenezo, koma kugunda kumene kavalavuko kankameza kumapita ku giyabokosi. Pa galimoto yokoka ndi magudumu onse anayi matayala saterereka msanga kuti apepuze, ndiye lingalirani bwino ngati mukufuna kuti chizigonja ndi kilatchi kapena giyabokosi.

## Giya yalowa, koma galimoto ikutsamwa

Apa log imagawa milandu mwachangu. Yang'anani throttle poyamba. Ngati pedulo ili pa 100 koma throttle ikutsekeka giya ikangolowa, kompyuta yalowererapo dala. Mwina matayala anaterereka traction control n'kudula, mwina boost inalumpha. Kulumphako kumabwera chifukwa rpm yagwa mwadzidzidzi pamene turbo ikuzungulirabe ndi liwiro limene inali nalo injini ili pa 6,500. Injini ikumeza mpweya wochepa, turbo ikutumiza wambiri, wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi kuti boost isapitirire, siinatsegule mokwanira. Khodi yake ndi P0234. Mankhwala ake ali mu tune, kuchepetsa wastegate duty pa rpm yoterapo, mutatsimikiza kaye kuti timapaipi ta boost solenoid sitinang'ambike ndipo mkono wa wastegate ukuyenda momasuka. Kulumpha komweku ndi kumene kumavula paipi ya intercooler: phokoso limodzi lakuti phuu, mphamvu n'kutheratu. Pukutani oyilo pa mlomo wa paipiyo musanamange, apo ayi ivukanso.

Khutu lingathandize pa chinthu chimodzi. Mukamva blow-off ikuyetsemula posintha giya, ndiye kuti throttle inatsekeka kapena kompyuta inatsegula valavuyo, boost yatayika, ndipo no-lift shift yanu ndi ya dzina chabe. Pa injini yoyeza mpweya wolowa ndi sensa ya MAF, valavu yotayira kunja imawonjeza vuto. Mpweya unawerengedwa kale, petulo waperekedwa, mpweyawo wathawa, injini n'kutsamwa ndi petulo.

Throttle ikakhala yotsegula koma injini ikudukiza, n'kubwera P0300 kapena P0301 mpaka P0304, pitani ku mapulagi. Mu silinda mumathina kwambiri pamene giya yangolowa, ndipo moto wa pulagi umavutika kudumpha mpata waukulu mu mpweya wothinana choncho. Injini zambiri zowonjezeredwa boost zimafuna mpata wa pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm, koma nambala yeniyeni akupatseni amene anapanga tune yanu. Yezani pulagi iliyonse, ngakhale yatsopano. Khodi ikamaloza silinda imodzi, sinthanitsani koyilo yake ndi ya silinda ina muone ngati khodiyo isamuka. Amene muli ndi kabokosi kowonjezera, gwedezaninso mawaya amene munalumikiza. Waya wongopotokola amagwira pa idle n'kumasuka injini ikagwedezeka.

Pa direct injection, yerekezerani mphamvu ya petulo imene kompyuta ikupempha ndi imene ikupezekadi. Pampu ya high pressure imayendetsedwa ndi camshaft, ndiye rpm ikagwa nayonso imapopa mochedwa, pa nthawi yomwe boost ili pamwamba. Eni a Mazdaspeed3 amaidziwa bwino nkhaniyi, n'chifukwa chake amasintha zam'kati mwa pampuyo asanawonjezere boost. Mphamvuyo ikamagwa lekani kuponda.

Lambda isakuopsezeni pa nthawi imene kompyuta yaidula injini posintha giya. Kaya kwadulidwa petulo kaya moto, mpweya wosapsa umadutsa pa sensa, ndipo imawerenga ngati injini ikusowa petulo. Chofunika ndi zimene zikuchitika kudulako kukangotha. Iyenera kubwerera msanga cha pa 0.8. Ikachedwa, knock n'kuonekera pomwepo, imeneyo ndi yeniyeni. Knock ya kamodzi pa mphindi imene kilatchi yagwira ikhoza kukhala sensa yomva kugunda kwa zitsulo, koma musadzitonthoze nazo musanayese. Thirani petulo wa octane yokwera kapena chepetsani timing pamalopo. Ya zitsulo siisintha, yeniyeni imachepa. Pa injini ya EJ257 ya STI, imene mapisitoni ake amadziwika ndi kusweka pakati pa ma ring akakumana ndi knock, mayesowa si odumpha.

## Kuphulika mu ekizozi

Njira zikuluzikulu zogwirira injini zilipo ziwiri. Kudula petulo n'kofatsa, ma injector amatseka, mu ekizozi mumadutsa mpweya chabe. Kudula moto wa mapulagi, kapena kuuchedwetsa kwambiri, kumalola petulo kudutsa osapsa n'kukayaka mu manifold ndi mu turbo. Boost imasungika bwino, phokoso limawakomera ambiri, koma catalytic converter, yoyeretsa utsi mu ekizozi, ndi imene imalipira. Imatenthedwa mpaka zam'kati mwake kusungunuka kapena kusweka, P0420 imabwera, pansi pa galimoto pamamveka wayawaya, ndipo ikatsekeka boost imachedwa, galimoto imafooka pa rpm yokwera. Nyali ya check engine ikamaphethira, osati kungoyaka, ikunena za misfire, kudukiza kwa injini, yoti ikhoza kuipha catalytic converter. Nyamulani phazi.

Kuphulikako kumakankhanso mavalavu a ekizozi kuchokera kumbuyo. Pa injini ya SR20DET ya Nissan, kudula moto mwankhanza kumadziwika ndi kugwetsa ma rocker arm. Ngati galimoto ili ndi catalytic converter sankhani kudula petulo, kapena fupikitsani nthawi yodula moto kufika pa yochepetsetsa imene giya imalowera bwino. Kuphulika kopitirira apo kumangosangalatsa oonerera.

## Kugunda pansi, ndi kuponya giya yolakwika

Kugunda kumodzi kwamphamvu giya ikalowa, pa galimoto ya injini yopingasa ngati Focus ST, kawirikawiri ndi mounting yapansi yakumbuyo yofewa kapena yong'ambika. Injini imapendekeka, ma cable a ndodo ya giya amakokeka, khomo la giya 3 n'kusuntha pa nthawi imene dzanja likulifuna. Tsegulani boneti, mnzanu agwire buleki n'kuyesa kunyamuka pang'ono mu giya 1 kenako mu rivesi, inu mutaima pambali, osati kutsogolo. Injini yopendekeka kwambiri yadziulula. Matayala akutsogolo akayamba kudumphadumpha nyamulani phazi nthawi yomweyo, chifukwa kudumphako ndi kumene kumathyola ma CV joint. Mounting yolimba imathandiza, koma konzekerani kunjenjemera kwa chiwongolero pa idle.

Mounting yofooka, ma bush otha a ndodo, ndi dzanja lofinya ndodo mwaphuma ndi zimene zimabala ngozi yoposa zonsezi: kufuna 4 n'kuponya 2. Pa magiya a STI aja, kuchoka pa 3 muli pa 6,500 n'kugwera pa 2 kumakokera injini cha pa 9,600 rpm. Rev limiter siingathandize, no-lift shift nayonso ayi, chifukwa magudumu ndi amene akuzunguza injini, osati petulo. Kuchoka pa 2 kupita pa 3, kankhani ndi chikhatho chotsegula, musiye sipuling'i ya ndodo iibweretse yokha pakati. Kuchoka pa 3 kupita pa 4, kokani ndi zala molunjika kumbuyo, osapendekera kumbali ya giya 2.

Zikachitika, pondani kilatchi nthawi yomweyo, ndipo ngakhale injini ikumveka bwino musaileve. Werengani makhodi, P0219 ndi ya injini yopitirira malire, ndipo yezani compression pa silinda iliyonse, kenako leak-down, kupopera mpweya mu silinda kuti mumve kumene ukutulukira. Valavu yopindika pang'ono imatha kuyenda masiku angapo ikungodukiza pa idle isanathyoke. Mpweya wa leak-down ukamveka ukutulukira ku intake kapena ku ekizozi pamene mavalavu onse a silindayo ayenera kukhala otseka, cylinder head itsike galimoto isanayendenso.